Pasinipi wa a Moffat

Alick, kapitawo wa pa esiteti ya a Mphepo, anawapeza a Moffat atagwada pakhomo pa chigafa akulephera kudzuka. Mtolo wa fodya umene amati anyamule unali pansi pomwepo, iwo atagwira m'chiuno ndi manja onse awiri.

"Msana uja wayambanso, bambo?" anafunsa Alick.

"Ukungondikumbutsa kuti ulipo. Ndidzuka pompano."

Sanadzuke. Anachita kudzutsidwa ndi akazi awo, a Fainala, omwe anasiya kusankha fodya n'kuthamangira. Anawakhazika pa chitsa, kenaka anatola mtolo uja n'kukalowetsa okha.

Alick sanali munthu woipa mtima, kungoti ankalankhula zinthu mmene zilili, ndipo munthu wotero sakondedwa msanga. Anakhala chonyonyomala pafupi nawo.

"Ndisakubisireni, bambo. Chaka chamawa fodya simumutha. Lamulo la pano mukulidziwa, tenanti akasiya kulima amasiyanso nyumba. Mu Seputembala kukubwera mabanja atsopano, ndiye muyambe kuganiza kolowera."

Kolowera kunalibe. A Moffat ndi a Fainala anachoka ku Phalombe zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo kamunda komwe anakasiya kumeneko anagawana kalekale ana a achemwali awo a Fainala. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Luntha, anali pabanja ku Mzuzu m'kachipinda kamodzi ka lendi. Chimene anali nacho padziko pano chinali nyumba ya pa esiteti ija kufupi ndi kwa Chulu: zipinda ziwiri, njerwa zosawotcha, denga la udzu, ndi mipapaya iwiri yomwe a Fainala anadzala pakhomo. Anali atakhalamo zaka khumi ndi chimodzi.

Patapita masiku atatu, mwini esiteti anawaitanitsa. Mayi Consolata Mphepo anali atagwira ntchito ya unamwino ku Ulaya zaka zambiri, ndipo anabwerera amuna awo atamwalira kudzayendetsa esiteti imene sankaikonda kwenikweni. A Moffat anawapeza pakhonde, ali ndi kapaketi m'manja.

"Ndamva za msana wanu, a Moffat. Tambasulani dzanja."

Anawathirira tinjere tofiirira, topyapyala ngati mamba a nsomba.

"Uyu amatchedwa pasinipi. Ali ngati karoti, koma woyera, ndipo amatalika kuposa karoti. Kunja kuja ndinkamudya nyengo yozizira iliyonse, kumuwotcha pamodzi ndi nyama kapena kumuika mu supu. Kuno ndamufuna mpaka ku Lilongwe, sindinamupeze. Anthu awiri andiyesera kale kuseriku, palibe chimene chinamera. Mukandilimira bwino, ndiye kuti ndapeza munthu wosamala dimba langa, ndipo nyumba simuchokamo."

"Zikomo kwambiri, adona. Dothi ndimalidziwa."

"Ndikudziwa kuti mumalidziwa. Koma mvetsani izi. Amachedwa kumera, musataye mtima. Mufese pamalo pomwe mukufuna kuti akulire, musamusunthe. Manyowa atsopano musaike. Ine ndikupita kukaona ana anga, ndibwera kumapeto kwa Ogasiti."

A Moffat anavomera ndi mutu katatu konse. Anamva zonse bwinobwino, pasapezeke wina wonena kuti sanamve. Koma akutsika masitepe a khonde lija anali ataweruza kale mumtima kuti namwino amadziwa jakisoni, mbewu amazidziwa ndi iwo. Mbewu yofunika imayambira ku nazale. Chimanga ndi nyemba ndi zimene munthu amangoponya m'phando n'kumapita. Njere zochokera kunja, zokwera ndege, zingatayidwe bwanji pamtetete ngati mawungu?

Kuseri kwa nyumba ya adona kunali dimba la mpanda wa udzu ndi chitsime chakechake. M'mbali mwa mpandawo a Moffat anakonza nazale monga ankachitira ndi fodya moyo wawo wonse. Analima mwakuya, nawotcha mapesi pamwamba kuti aphe njere za udzu, naphwanya zibuma mpaka dothi linachita kukhala ufa. Anafesa, naphimbira ndi udzu wouma, n'kumathirira ndi keni m'mawa ndi madzulo. Keni yodzaza sankaitha, ndiye ankatunga theka n'kumapita kawiri.

Sabata inatha. Yachiwiri inathanso. M'sabata yachitatu a Moffat anasiya kudya bwino. Ankavundukula udzu uja m'mawa uliwonse, n'kupeza dothi lokhalokha likuwayang'ana. Mantha anawagwira, mantha enieni a munthu wamkulu amene akudziona atasenza mphasa pamsewu wa ku boma osadziwa kopita.

Pa tsiku la makumi awiri ndi anayi, a Fainala atabwera ndi phala, anawapeza atagona chafufumimba m'mbali mwa bedi.

"Taonani apa, mayi a Luntha. Kodi ndi iyeyu kapena ndi udzu?"

Tinali timasamba tiwiritiwiri, tating'ono, tosongoka. A Fainala anati adikire kaye. Patatha masiku ena kunatuluka tsamba lachitatu, lozungulira, la mano m'mbali. A Fainala anathyola limodzi, nalifikisa ndi zala, nanunkhiza.

"Udzu wa kuno sununkhira chonchi. Ndi iyeyo."

Tsiku limenelo a Moffat anadya mpaka kupempha zina.

Mkangano unabuka m'mwezi wa Juni, mbande zitafika msinkhu wa chala. A Moffat anali atakonza mabedi atatu aakulu pakati pa dimba, atathiramo ndowe zatsopano za m'khola la adona ndi feteleza wa fodya yemwe anatsala m'thumba. M'mawa wina anathirira nazale kwambiri kuti dothi lifewe, nayamba kuzula.

"Bambo a Luntha, mukutani?" anafunsa a Fainala ataima pachipata.

"Mukuona ngati ndikutani? Ndikuwokera."

"Paja adona anati musamusunthe."

"Adona anati ndiwalimire bwino. Mbewu ikhale yothinana chonchi, ikula bwanji?"

"Mukanangopatulira. Zinthu zobereka pansi sizifuna kusunthidwa. Karoti munamuonapo akuwokeredwa?"

"Karoti ndi wa pamsika. Uyu ndi wa ku Ulaya."

"Wa ku Ulaya muzu wake umayang'ana kumwamba?"

A Moffat anaseka pang'ono, koma kusekako kunali kwa munthu amene wapsa mtima.

"Mayi a Luntha, ndawokera fodya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Munadya chiyani zaka zonsezi ngati si kuwokera kwangaku?"

A Fainala anatsamira chipata. Akanatha kunena kuti pa zaka zonsezo theka la mbande ankawokera ndi iwo, mwana ali kumsana, koma anali atatopa ndi kukumbutsa anthu zinthu zimene anazionera okha. Anangoima n'kumaonerera. Mbande iliyonse inkatuluka ndi kamuzu kamodzi kakatali, kowonda ngati ulusi. Kamuzuko kankapindika m'dzenje, ndiye a Moffat, pofuna kuti ntchito ioneke yaudongo, ankakadula nsonga ndi chikhadabo asanatsindire dothi.

Anasankha mbande zonenepa zokhazokha. Zofooka, zachikasu, anazisiya mu nazale momwemo.

"Izo mulimire pansi mudzalepo mpiru," anatero.

A Fainala sanalimire. Sikuti anali ndi nzeru ina yobisika ayi, zinangowamvetsa chisoni kuti tinthu tovutika kumera chonchija tiphedwe ndi khasu. Anazipatulira motalikirana ngati chikhatho, ndipo tsiku lililonse akabwera ndi phala ankathirirapo ndowa imodzi.

"Ana amasiye anuwo ali bwanji lero?" ankawaseka a Moffat.

"Akupuma," ankayankha a Fainala.

Zowokera zija zinafota sabata imodzi, kenaka zinadzuka ndi mphamvu. Pofika mu Julayi masamba anali atafika m'mawondo, obiriwira bii, otambalala, a timapesi tonenepa. Matenanti anzawo ankasuzumira pampanda n'kumagwedeza mitu. A Moffat ankayenda pakati pa mabedi manja ali kumbuyo. Munthu wa fodya amaweruza mbewu poona tsamba, ndipo tsamba ngati limenelo anali asanalionepo ngakhale chaka cha mvula yabwino. Zija za a Fainala zinali zazifupi, zosapatsa chidwi, moti palibe amene ankaziyang'ana kawiri.

Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, anaona kuti masamba a m'munsi ayamba chikasu. Manja anangoyamba okha ntchito imene ankaidziwa. Anakwinya malaya, nathyola masamba a pansi onse bedi ndi bedi, kuwakumbatira pamkono monga amachitira pothyola fodya. Madzi a masambawo anasakanikirana ndi thukuta, iwo osalabadira.

Patatha masiku awiri mikono yonse inatuluka matuza ngati awathira madzi otentha. Zala zinatupa, keni osagwirika. Kumidadada ya matenanti nkhani inayenda msanga kuti a Moffat awalodza, ndipo ena ankatchula ndi dzina la munthu amene ati ankaifuna nyumba ya mipapaya. A Fainala anawaperekeza kuchipatala pa njinga ya kabaza, nabwera ndi mafuta opaka.

"Palibe wakulodzani," anatero akuwapaka. "Matuzawa alekezera pomwe analekezera malaya. Ndi masamba anu aja."

Milungu itatu yotsatira, amene ankathirira dimba lonse anali a Fainala, atatha kale ntchito zawo za pakhomo. A Moffat ankakhala pa ndowa yovundikira n'kumalozera poti pathiridwe. Matuza atapola anasiya zipsera zakuda zimene sizinachoke.

Mayi Mphepo anafika kumapeto kwa Ogasiti monga ananenera. Ataona mikonoyo anagwira pakamwa.

"Pepani, a Moffat, ichi ndinaiwala kukuuzani. Madzi a masamba ake akakhudza khungu padzuwa amawotcha. Pomugwira pamafunika malaya aatali manja, ndipo kuli bwino m'mawa kapena madzulo. Nanga masambawo mumathyoleranji?"

"Kuti mphamvu ipite kumwamba, adona."

"Kumwamba?" Anawayang'ana kanthawi. "Chabwino. Tikumba Lachinayi. Lole ya mabanja atsopano ikubwera Loweruka, ndiye a kapitawo akufuna adziwe za nyumba."

Lachinayi m'mawa anakumana anayi m'dimbamo: adona, Alick, a Moffat ndi a Fainala. A Moffat anali atavala malaya awo a ku tchalitchi. Anazika khasu patali ndi tsinde, natukula dothi mosamala, nakoka.

Chimene chinatuluka sichinkafanana ndi karoti ngakhale pang'ono. Chinali chibuthu chachifupi ngati nkhonya, ndipo pansi pake panali timiyendo tisanu topiringizana, taubweya. Anachiika pambali, nakumba china. Chinali ndi miyendo itatu. Chachitatu chinali chong'ambika pakati. Anapitiriza kukumba, thukuta likutsika, msana ukubaya, mpaka bedi loyamba linatha. Analowa lachiwiri. Palibe amene anawaletsa, ndipo zikanakhala bwino wina akanawaletsa. Pofika pakati pa bedi lachitatu anaima okha. Panalibe ndi mmodzi yemwe wowongoka.

Mayi Mphepo anatola chimodzi n'kuchitembenuza. Sanakalipe. Nkhope yawo inali ya munthu amene wazolowera kukhumudwa ndi esiteti imeneyi.

"Munawokera."

"Ndinawokera, adona."

"Ndi manyowa munaika."

"Ndinaika."

"Ndinanena chiyani pakhonde paja?"

"Munanena kuti ndisamusunthe."

"Muzu wake ndi umodzi, a Moffat. Ukaduka nsonga umachita mphanda, ndipo suwongokanso. Izi ukasenda umatsala ndi chiyani?"

A Moffat anayang'ana mulu uja. Manyazi anawagwira. Miyezi isanu ya keni ya theka, mikono yopsa, ndipo chimene anakolola chinali masamba. Alick anakanda kumutu, nayang'ana kumbali. Adona anaponya chibuthu chija pamulu n'kutembenuka kuti azipita.

Akuyandikira chipata anaima.

"Nanga awa a kumpandawa?"

"Ndi zotsalira, adona," anayankha a Fainala. "Zosafunika."

"Takumbani mmodzi."

A Fainala anatenga khasu m'manja mwa amuna awo. Anakumba, koma muzu sunathe. Anakumbanso, nagwada, nalowetsa dzanja mpaka m'chigongono. Atakoka, kunatuluka chinthu choyera, chonenepa kumutu, chowonda kunsonga, chowongoka bwinobwino, chotalika ngati mkono wa mwana. Anakumba wachiwiri, naye chimodzimodzi. Onse pamodzi analipo khumi ndi anayi.

Mayi Mphepo anapukuta mmodzi ndi chitenje, nakanda khungu ndi chikhadabo, nanunkhiza. Kwa nthawi yoyamba chibwerere anamwetulira.

"Uyu ndiye pasinipi. Ndiye kuti munayesa njira ziwiri, a Moffat? Bwanji osanena? Apa ndiye mwalima."

A Fainala, ali chigwadire, anakweza maso n'kuwayang'ana amuna awo. Patatha zaka makumi atatu m'banja, a Moffat sankafunika kuuzidwa tanthauzo la maso amenewo. Ankati vomerani, nkhani ithe, tikagone m'nyumba mwathu. Alick nayenso, yemwe ankadziwa bwino amene ankathirira mzere umenewo, anangoyang'ana nsapato zake. Panangofunika kugwedeza mutu basi.

Koma a Moffat anali atatopa. Anali atagwedezapo kale mutu pakhonde paja pa chinthu chimene mumtima sankachivomera, ndipo zotsatira zake zinali mulu uli apowo. Kugwedezanso kachiwiri kunawakanika.

"Amenewo si anga, adona."

"Ndi a yani?"

"Ine ndinawataya. Ndinawauza amayiwa kuti alimire pansi adzale mpiru. Iwo ndi amene anapatulira, iwo ndi amene ankathirira. Anandiletsanso kuwokera, ine osamva. Anga ndi awo ali pamuluwo."

A Fainala anatseka maso. Nkhuku za adona zinkapalasa pa bedi lokumbidwa lija.

"A kapitawo," anatero Mayi Mphepo, "pa esiteti pano tinayamba tapatsapo nyumba munthu wamayi?"

"Sizinachitikepo, adona. Nyumba imakhala ya bambo."

"Ndiye ziyambira pano. Kuyambira Lolemba dimba lino ndi la mayi Fainala, ndipo nyumba ija ndi yawo. Ntchito ndi ya munthu mmodzi, awiri sindingathe." Anatembenukira kwa a Moffat, nalankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunapweteka kwambiri. "Inu mupume, a Moffat. Mwagwira ntchito yokwanira. Zamphandazi tengani mukadye, kukoma kwake n'kumodzi."

Anazinyamula m'thumba la feteleza, a Fainala patsogolo, iwo pambuyo. Anatsata njira mpaka kudutsa zigafa.

"Mukanangovomera," anatero a Fainala osatembenuka. "Adona akanati mkazi sangapatsidwe nyumba, tikanalowera kuti?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa. Nthawi zonse mumayamba mwachita, kudziwa pambuyo."

Anayenda pang'ono. Kenaka a Fainala anaima, natula thumba, nawadikira kuti awapeze.

Madzulo ake anakhala pakhomo n'kumasenda. Inali ntchito yotopetsa, kulowetsa mpeni pakati pa timiyendo tija, ndipo pa chibuthu chilichonse pankatsala kanthu kochepa. A Fainala anaziwiritsa ndi mchere, nathira nsinjiro. Zinali zotsekemera pang'ono, pakati pa mbatata ndi karoti, ndi kafungo konga ka mankhwala a chifuwa.

"Ndiye azungu amalirira zimenezi?" anafunsa a Fainala.

"Kaya. Mwina zowongoka zimakoma mwina."

"Adona anati n'chimodzimodzi."

A Moffat anadya zidutswa zitatu n'kusamba m'manja. Mumtima munali mpumulo, chifukwa denga linali likadali pamutu pawo, komanso munali chinthu china cholemera chimene sankadziwa pochitula.

Loweruka lole inafika cha m'ma teni, itadzaza mphasa, mapoto, nkhuku zomanga miyendo ndi ana otuwa ndi fumbi la msewu. A Fainala anali atapita kale kudimba kukachotsa masamba aja, atavala malaya aatali manja a amuna awo, ngakhale ntchito inali yoyamba Lolemba. A Moffat anakhala pa mpando pansi pa mpapaya n'kumaonerera Alick akugawa nyumba. Anakumbukira tsiku lomwe iwonso anatsika pa lole yotero, ali ndi msana wabwino.

Patapita kanthawi, bambo wina wachinyamata mwa obwera kumenewo anamufunsa Alick kanthu, ndipo Alick analoza chakuno. Bamboyo anabwera, navula chipewa, naomba m'manja.

"Odi. Pepani, madala, ndikufuna kubwereka nkhwangwa ndikadule mitengo yokonzera denga. A kapitawo andiuza kuti ndifike kuno. Kaya ndasochera? Muno ndi kwa a Fainala?"

A Moffat anatembenuka n'kuiyang'ana nyumba ija, chitseko chimene anakhoma okha, denga limene anafolera okha kasanu konse. Anagwira m'chiuno, nadzuka pang'onopang'ono.

"Simunasochere," anatero. "Ndi konkuno. Eni ake apita kuntchito, koma dikirani ndikutengereni."